Bwalo la ndege la ku Lichinga: eni awiri, lamulo likhale limodzi

Munthu akaima pa gombe la Cobue m'mawa kunja kutayera, amaona chilumba cha Likoma ngati mudzi woyandikana nawo. Mtunda wake sukwana makilomita 10. Nthawi zina kandege kakang'ono kamatulukira chakumadzulo, kamazungulira kamodzi, n'kubisala kuseri kwa milambe ya pachilumbapo. Ana amakaloza. Asodzi amene akusoka chilimira sadzutsa n'komwe mutu, pakuti akudziwa kuti kabwera ndi alendo odzaona nyanja, ndipo ena mwa alendowo adutsa pa Cobue pomwepo masana kudzadinditsa ziphaso zawo asanapite ku Nkwichi. Kwa anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja, nkhani ya ndege imathera pamenepo.

Tsono wina angafunse kuti tsamba lino latani kuti lero likambe za bwalo la ndege kwa anthu amene ulendo wawo ndi wa pa bwato, pa njinga ndi pa chapa. Funsolo n'lomveka. Yankho lake lili ku Lichinga, kumene kuli bwalo lalikulu la chigawo cha Niassa. Pista yake, ndiye kuti msewu umene ndege imathamangapo ponyamuka ndi potera, ndi yotalika makilomita awiri ndi theka. Pa pista imodzimodziyo pamatera ndege ya LAM, pamatera tindege ta mabungwe ndi ta alendo opita ku nkhalango yotetezedwa ya Niassa, pamateranso ndege ndi mahelikopita a asilikali. Kumapeto kwa 2021 zigawenga zochokera ku Cabo Delgado zidatentha midzi m'distrito ya Mecula. Mu Epulo 2025 zidaukira misasa ya m'nkhalango yotetezedwa ija. Zinthu zitafika pamenepa, palibe amene angayembekeze kuti asilikali achepetsa kugwiritsa ntchito bwaloli. Adzalifuna kwambiri, ndipo tsamba lino silikutsutsa zimenezo. Chimene likunena n'chakuti bwalo lokhala ndi eni awiri liyenera kuyendera lamulo limodzi, lolembedwa, lodziwika kwa anthu onse, ndipo lamulolo liyambire pa moyo wa munthu wamba. Anthu a ku Cobue ali ndi chifukwa chonenera zimenezi kuposa ena ambiri, popeza adazidziwa ndege zisanakhale za alendo.

Mu Seputembala 1964, pamene Frelimo idayamba nkhondo yomenyera ufulu, posto ya Cobue idali m'gulu la malo oyamba kuukiridwa. Chaka chotsatira midzi ya m'mbali mwa nyanja idayamba kupasuka. Anthu zikwizikwi adawolokera ku Likoma, ena adalunjika ku Tanzania, ena adalowa m'mapiri. Mishoni ya Katolika ya pa Cobue idasanduka msasa wa asilikali apamadzi a Apwitikizi, amene likulu lawo lidali ku Metangula. Nkhondo ya m'tchire la Niassa siikadamenyeka popanda ndege, pakuti misewu idali yochepa, ndipo yochepayo idali ndi mabomba okwirira. N'chifukwa chake gulu la ndege za nkhondo la Apwitikizi lidakhazikitsa malo ake aakulu ku Nova Freixo, kumene lero ndi ku Cuamba, ndipo bwalo la ku Vila Cabral, imene ndi Lichinga ya lero, lidalembedwa m'mabuku awo monga Aeródromo de Manobra nambala 61. Kuchokera m'mabwalo amenewa ndege za T-6 zinkanyamuka ndi mabomba, tindege ta Dornier tinkanyamula makalata, chakudya ndi ovulala, ndipo mahelikopita a Alouette ankatsitsa asilikali m'tchire. Pafupi ndi misasa ina, monga ku Metangula ndi ku Olivença, kumene lero ndi ku Lupilichi, adalambula mapista ang'onoang'ono.

Akuluakulu a ku Ngofi, Chigoma, Mbueca ndi Ngoo amene adali ana masiku amenewo safuna buku lowakumbutsa. Kulira kwa ndege kunkatanthauza kuzimitsa moto, kuanula nsalu zoyera ndi kuthawira pansi pa mitengo. Komabe pa pista yomweyo ya Vila Cabral pankateranso ndege ya DETA, kampani yonyamula anthu wamba imene idalowedwa m'malo ndi LAM mu 1980. Bwalolo lidali la eni awiri kuyambira kale. Kungoti munthu wa m'mudzi wa kunyanja sadali m'modzi mwa eniwo. Iye ankangoona mimba ya ndege ikudutsa pamwamba pa munda wake wa chinangwa.

Nkhondo ya zaka 16 idabweretsa phunziro lina. Njanji ya Cuamba ndi Lichinga idafooka mpaka sitima kumatha miyezi osafika, misewu idatsekeka, ndipo Lichinga idakhala ngati chilumba pakati pa mtunda. Mankhwala a chipatala ndi katundu wina wofunika zinkafika pa ndege. Zipolopolo nazo zinkafika pa ndege, pa pista yomweyo. Amene adakhalako akukumbukira kuti mpando wa m'ndege udali chinthu cholimbirana, ndipo malo akachepa, wa yunifolomu ndi wa chidindo ndiwo ankayamba kukwera. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, kudabwera ndege zoyera za ONUMOZ, zimene zidathandiza pa ntchito yotula zida ndi pa chisankho cha mu Okutobala 1994. M'zaka zonsezi pista idali yomweyo. Chimene chinkasintha ndi mwini mawu pa pistapo.

Alipo ena amene akuti njira yachidule ndi kumanga mabwalo awiri, la asilikali palokha, la anthu wamba palokha. Maganizo amenewa ndi okoma kumva pa msonkhano. Koma bwalo lachiwiri ndi ndalama, ndipo dziko lino lidaona kale chimene chimachitika boma likathira ndalama pa bwalo limene lilibe okwera. Ku Nacala kudali bwalo la ndege za nkhondo. Boma lidalisandutsa bwalo lolandira ndege za maiko ena, ndi ngongole yochokera ku Brazil, ndipo a Armando Guebuza adalitsegula mu Disembala 2014. Lidamangidwa kuti lizilandira anthu 500,000 pa chaka. Pofika 2017 atolankhani adapeza kuti odutsapo sankakwana 20,000 pa chaka, ndipo adalitcha bwalo la mizukwa. Chokhacho chimene chidali chodzaza ndi buku la ngongole. Niassa ndi chigawo chachikulu kuposa zigawo zonse za dziko lino, koma anthu ake ndi ochepa ndiponso amakhala motayana. Sichingasenze mtolo wotere pamene msewu wa Metangula ndi Cobue umakanika magalimoto dzinja lililonse.

Ndiponso kugawana bwalo si chinthu chachilendo. Ku Maputo ndege za asilikali za ku Mavalane zimathamanga pa bwalo limodzi ndi ndege zopita ku Lisboa ndi Johannesburg. Ku Beira, namondwe wa Idai atawomba mu Malichi 2019, bwalo la ndege ndilo lidakhala likulu la ntchito yopulumutsa anthu. Mahelikopita a asilikali, kuphatikizapo a ku South Africa, ankanyamukira pomwepo kukatsitsa anthu pa madenga ndi m'mitengo ku Buzi, pamene ndege za mabungwe zinkatsitsa chakudya ndi matenti. Tsiku limene madzi adzadule milatho ya Lago, chimene chidzayambe kufika ku Cobue si ndege ya LAM ayi. Idzakhala helikopita ya asilikali kapena boti la ku Metangula. Zimenezi ziyenera kunenedwa poyera, kuti wina asaganize kuti tsamba lino likuthamangitsa asilikali pa bwalo.

Vuto lagona pa malamulo. Ndege zonyamula anthu wamba pa dziko lonse lapansi zimayendera pangano limene maiko adasainirana ku Chicago mu 1944. Pangano limeneli ndilo lidabala bungwe la ICAO pamodzi ndi malamulo onena za kuyeza ndege, maphunziro a woyendetsa, zida zimene ndege iyenera kukhala nazo, ndi kafufuzidwe ka ngozi. M'dziko lino woyang'anira malamulowo ndi bungwe la IACM, ndipo mabwalo ali m'manja mwa kampani ya boma ya Aeroportos de Moçambique. Koma ndime yachitatu ya pangano lomwelo imanena kuti silikhudza ndege za asilikali, za kasitomu ndi za apolisi. Imangouza maboma kuti popanga malamulo a ndege zawozo asamale chitetezo cha ndege za anthu wamba. Tanthauzo lake n'lakuti ndege ziwiri zikhoza kuima moyandikana pa bwalo limodzi, ina itayezedwa ndi woyendera amene ali ndi mphamvu yoiletsa kunyamuka, inayo itayezedwa ndi eni ake okha. Koma mitambo imene zikalowemo ndi imodzi, mapiri ndi omwewo. Ndipo kawirikawiri m'ndege ya asilikali mumakwera anthu amene si asilikali: nduna, abwanamkubwa, atolankhani, odwala.

Chimene chingachitike pamenepa chidaoneka tsidya la nyanja, m'mapiri a Viphya amene anthu a ku Cobue amaona dzuwa likulowera kuseri kwake. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali a Malawi ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka ku Lilongwe m'mawa kupita ku Mzuzu, bwalo laling'ono la anthu wamba limene asilikali amateraponso. Idanyamula wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, a Saulos Chilima, amene ankapita ku Nkhata Bay ku maliro a a Ralph Kasambara, loya amene adakhalapo nduna ya zachilungamo. Ulendo wake ndi wosakwana ola limodzi. Kumapiri kudali nkhungu. Ndegeyo siidafike. Idapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse 9 amene adali m'menemo adafa, kuphatikizapo mayi Shanil Dzimbiri, amene adakhalapo mayi wa fuko. Mawailesi a ku Malawi amamveka m'mbali mwa nyanja, choncho uthengawo sudachedwe kufika ku Cobue.

Boma la Malawi lidaitana akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany, a bungwe la BFU. Zimene iwo adalemba n'zofunika kuti wina aziwerenge mokweza ku Lichinga. Adapeza kuti oyendetsa adapitiriza ulendo akuuluka chapansi m'nyengo yoti munthu saona patali, mpaka ndege idagunda phiri, ndiponso kuti kukonzekera ulendowo kudali koperewera. Ndegeyo idalibe bokosi lojambula mawu a oyendetsa, idalibenso lojambula kayendedwe kake. Kachipangizo kamene kamayenera kulira ndege ikagwa, kuti ofunafuna aipeze msanga, kadali ndi batire limene nthawi yake idatha mu 2004, zaka 20 ngozi isanachitike. Zokambirana za pa wailesi pakati pa oyendetsa ndi olondolera ndege a pansi sizidajambulidwe. Njira imene ndegeyo idadutsa idadziwika kaamba ka kachipangizo ka GPS kamene kadapezeka m'zotsalira zake.

Owerenga aone bwino pamenepa. Zoperewera zina zidali za asilikali, eni ndege. Zina zidali za mbali ya anthu wamba, eni nsanja ndi wailesi. Aliyense adali ndi mbali yake, ndipo dzenje lidali pakati. Batire latsopano silikadaletsa ndege kugunda phiri, zimenezo n'zoona. Koma likadathandiza kuti dziko lonse lisagone usiku wathunthu osadziwa kumene wachiwiri kwa pulezidenti wake ali, asilikali ndi anthu a m'midzi akufufuza m'nkhungu. Ndipo popeza umboni wojambulidwa udali wochepa, mphekesera zidalowa m'malo mwake, kotero kuti a Malawi ambiri sadakhutire ndi malipoti amene adatuluka. Anthu a dziko lino akudziwa kupweteka kwa mafunso otere. Ndege ya a Samora Machel idagwa ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, ndipo mkangano wa chimene chidaigwetsa udapitirira zaka makumi.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lichinga ili pamtunda wa mamita opitirira 1,300, pafupifupi chimodzimodzi ndi Mzuzu. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi nkhungu imakuta m'mawa, m'dzinja mitambo imatsika mpaka kukhudza nsonga za paini. Chakumadzulo dziko limatsetsereka mwadzidzidzi kulowa ku nyanja, ndipo chakumpoto kuli mapiri ndi nkhalango za Lago mpaka ku malire a Tanzania. Ndege itagwa pakati pa Maniamba ndi Lupilichi, adzayambe kumva phokoso ndani? Adzakhala mlimi, wokumba golide, kapena msodzi amene wayatsa nyali zake usiku. Munthu ameneyo sadauzidwe kuti akanene kwa yani. M'malo ambiri ngakhale foni siigwira. Ku Metangula kuli asilikali apamadzi, m'ma posto muli apolisi, ku Lichinga kuli akuluakulu a bwalo, koma ngozi ikachitika si nthawi yoyamba kufunsana kuti wotsogolera ndani. Zimenezi ziyenera kulembedwa kunja kukali bata, ndipo mafumu ndi alembi a m'midzi apatsidwe nambala imodzi yoimba. Pa nsanja ya Lichinga mawu onse a pa wailesi ajambulidwe ndi kusungidwa, kaya ndi a LAM kaya ndi a asilikali. Woyendetsa aliyense, wa yunifolomu ya mtundu uliwonse, asanyamuke asanalandire lipoti la zanyengo. Ndipo ndege iliyonse ya boma imene imanyamula anthu wamba ikhale ndi zida zimene ndege ya kampani imakakamizidwa kukhala nazo. Chinsinsi cha usilikali chili ndi malo ake, koma tsiku limene batire lidasinthidwa si chinsinsi cha nkhondo.

Palinso choopsa china chimene anthu sakonda kutchula. Malamulo a nkhondo, monga adalembedwera m'ndime zowonjezera za 1977 za mapangano a ku Geneva, amateteza malo a anthu wamba, koma malo amene akuthandizira ntchito ya nkhondo amataya chitetezo chimenecho. Zigawenga zoona sizilabada malamulo, komabe nazonso zimayang'ana kumene kuli mahelikopita ndi mafuta. Tauni ya Mocímboa da Praia, yokhala ndi doko ndi bwalo la ndege, idagwa m'manja mwa zigawenga mu Ogasiti 2020, ndipo asilikali a dziko lino ndi a ku Rwanda adailanditsa mu Ogasiti 2021. Chaka chonsecho munthu wamba adalibe chake pa bwalolo. Lichinga ili kutali ndi zimenezo, ndipo Mulungu aletse. Koma bwalo lake lili m'mphepete mwa tauni, pafupi ndi nyumba za anthu. N'koyenera kuti zida ndi mafuta a asilikali zisungidwe kutali ndi chipinda chodikiriramo apaulendo ndiponso kutali ndi nyumbazo.

Za kutseka bwalo nazo zikhale ndi dongosolo. Munthu wa ku Cobue amene dokotala wauza kuti m'bale wake apite ku chipatala chachikulu cha Nampula amayamba ndi kugulitsa mbuzi kapena ukonde. Kenaka amakwera boti kapena galimoto mpaka ku Metangula, n'kuyendanso makilomita opitirira 100 kukwera chitunda cha Lichinga. Munthu wotere asadzapeze chipata chotseka kaamba koti kukubwera mlendo wolemekezeka kapena asilikali akutsitsa katundu. Ngati pali chifukwa chenicheni chotsekera, chilengezedwe nthawi ikalipo pa Rádio Moçambique, m'Chinyanja ndi m'Chiyao, monga momwe amalengezera maliro ndi katemera. Ndipo ndege yonyamula wodwala isadikire ndege ina iliyonse, kaya muli nduna kaya muli mkulu wa asilikali.

Nkhani imene ingafike pa khomo la mlimi msanga kuposa zonsezi ndi ya malo. Lago ili m'malire a maiko awiri, Malawi ndi Tanzania. Ngati chitetezo chitavuta, sizingadabwitse kumva kuti mapista akale a m'distrito alambulidwenso. Koma papita zaka zoposa 50 chichokere Apwitikizi, ndipo tchire silidikira ndege. Pamene padali pista, lero pakhoza kukhala chinangwa, mango, mpira wa anyamata, kapena njira ya amayi yopita kudambo. Lamulo la malo la 1997 lidaika mamita 100 kuzungulira bwalo la ndege monga malo otetezedwa, lidaikanso mamita 100 kuzungulira misasa ya asilikali. Lamulo lomwelo lidavomereza kuti mudzi umene ukukhala ndi kulima pa malo motsatira mwambo uli ndi ufulu pa malowo ngakhale ulibe pepala, ndiponso kuti boma likafuna malo kaamba ka ntchito yokomera onse, liyambe lapereka chipukuta misozi choyenera. Mawu akuti "chitetezo cha dziko" asasanduke khasu lofafanizira ndime zimenezi. Kumata chikalata cha Chipwitikizi pa khomo la administrador si kufunsa anthu. Kufunsa anthu ndi kukhala pansi pa mtengo ndi mfumu, amayi alipo, miyeso ikuyezedwa anthu akuona.

Anthu a m'midzi nawonso ali ndi mbali yawo. Mbuzi imodzi pa pista ikhoza kugubuduza kandege. Utsi wa moto wa lupsa wa mu Seputembala ndi Okutobala umatseka maso a woyendetsa. Waya wa mpanda si wa misampha.

Tsono Cobue ipindule chiyani pa zonsezi? Si tikiti ya ku Maputo. Mtengo wake ndi woti msodzi sangauganizire, ndipo LAM yomwe idavutika ndi kuchepa kwa ndege mpaka mu 2025 boma lidavomereza kugulitsa magawo ake ambiri kwa makampani ena a boma. Chimene Cobue ikufuna ndi cha wodwala. Mayi amene uchembere wamuvuta usiku ali ndi njira ziwiri: msewu wa m'mapiri wopita ku Metangula ndi Lichinga, kapena bwato lowolokera ku chipatala cha St Peter's cha mpingo wa Anglican ku Likoma. Mwera ukawomba, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, njira yachiwiriyo imafuna kulimba mtima. Mvula ikagwa, yoyambayo imafuna mwayi. Ngati mahelikopita a boma azikhala pa bwalo la Lichinga kaamba ka chitetezo, pakhale lamulo lolembedwa loti dokotala wa distrito ali ndi mphamvu yopempha imodzi kukatenga wodwala wa kayakaya, ndipo ndalama ya mafuta ake iikidwe m'bajeti ya chigawo, osati kudalira chisoni cha mkulu wa asilikali wa tsikulo. Helikopita siifuna pista. Bwalo la mpira la pa sukulu ndi lokwanira.

Ndipo pali bwalo lija la ku Likoma, limene ana a ku Cobue amaloza. Ndi la dziko lina, koma lili pafupi kuposa bwalo lililonse la dziko lino lotera ndege nthawi zonse. Mozambique ndi Malawi ali ndi komiti yokhazikika yokambirana za chitetezo, imene imakumana pa nkhani za m'malire. Nkhani yonyamula wodwala kapena yofunafuna ndege kapena bwato lotayika pa nyanja iyenera kulowa pa mndandanda wa zokambirana zawo, kuti tsiku la ngozi munthu asaimitsidwe pa gombe kaamba ka chidindo. Alendo a ku Nkwichi amadutsa malire amenewa mosavuta. Wodwala wa ku Mala asavutike kuposa iwo.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za akuluakulu a ku Maputo. Gawo lina ndi lawo ndithu, pakuti asilikali ndi malamulo a ndege zili m'manja mwa boma lalikulu. Koma kuyambira 2020 chigawo chidakhala ndi akuluakulu awiri, abwanamkubwa osankhidwa ndi anthu ndi mlembi wa boma woikidwa ndi pulezidenti. Apanso pali eni awiri, ndipo dandaulo likhoza kumangoponyedwa uku ndi uku ngati silidalembedwe. Njira yake ilipo. Mu posto ya Cobue ndi m'distrito ya Lago muli makhonsolo a uphungu, m'mene mumakhala mafumu, atsogoleri a mipingo ndi oimira asodzi, alimi ndi amayi. Khonsolo ya Cobue ikakhala pansi, nkhaniyi ilembedwe m'buku la msonkhano, ipite ku Metangula, kuchokera kumeneko ipite ku nyumba ya malamulo ya chigawo ndi ku ofesi ya mlembi wa boma. Mayankho abwere olembedwa, ndipo awerengedwe pa wailesi m'chilankhulo chimene anthu amamva. Mafunso ake si ovuta. Ndani amalamula pa pista ya Lichinga ndege ziwiri zikafuna kutera nthawi imodzi? Ndege ikasowa m'mapiri a Lago, mfumu iimbire yani? Wodwala wa ku Cobue angapemphedwere helikopita ndi ndani? Ndipo m'ndege za boma zimene zimanyamula abwanamkubwa ndi alendo awo pamwamba pa midzi ya kunyanja, batire la kachipangizo kolira ndege ikagwa lidasinthidwa chaka chanji?